Chaputala 2 chinandidyera semesita yathunthu: zomwe ndinakumana nazo polemba literature review

Izi ndikulembera inu anzanga amene proposal yangodutsa kumene ndipo mukuganiza kuti literature review ndi gawo lofewa, loti ungowerenga zomwe ena analemba n'kuzifotokoza mwachidule basi. Inenso ndinkaona choncho. Koma pa thesis yanga yonse ya masters gawo limeneli ndi lomwe linandichedwetsa kwambiri, kuposa kutolera data, kuposanso analysis yomwe aliyense ankandiopseza nayo. Kafukufuku wanga anali wa zifukwa zomwe aphunzitsi a pulayimale amasiyira ntchito, koma zomwe ndikambe apazi zikukhudza aliyense, kaya muli ku zaumoyo kaya zaulimi kaya kwina kulikonse.

Chiyambi chake chinali chosangalatsa ndithu. Ndinkatsegula Google Scholar, tsamba losakira mapepala a kafukufuku, kulemba mutu wanga wonse momwe uliri, kenako kupanga dawunilodi chilichonse chomwe chili ndi PDF pambali pake. Usiku uliwonse foda imanenepa ndipo ine ndimagona mtima uli m'malo kuti ntchito ikuyenda. Mafayilo aja sindinkawasintha mayina, nde munali zinthu ngati 1-s2.0-S0 ndi manambala ambirimbiri, ena document(4).pdf, moti patapita milungu ingapo sindinkadziwanso kuti pepala lomwe linandisangalatsa lija lili pati. Ena ndinawapanga dawunilodi kawiri osadziwa. Mabandulo a intaneti anapita ambiri nthawi imeneyi, komanso ndinkapulinta mapepala ena poganiza kuti ndikawagwira m'manja ndiwamvetsa bwino, ambiri mwa iwo sanalowe n'komwe mu thesis.

Nditayamba kulemba, ndinkatenga pepala limodzi, kuwerenga abstract ndi conclusion, kulemba ndime imodzi, kutseka, kutsegula lina. Ndime iliyonse imayamba ndi dzina la munthu. Uje anapeza kuti malipiro ochepa ndi amene amathamangitsa aphunzitsi. Ujeni anapeza kuti ndi kuchuluka kwa ana m'kalasi. Winanso anapeza kuti ndi ahedi osamva za anzawo. Zinafika masamba ambiri ndithu ndipo ndinatumiza kwa a supavaiza anga ndili ndi chimwemwe, ndikuwerengera kuti mwezi wamawa ndili ku field.

Yankho linachedwa, anali ndi ophunzira ambiri oti awayang'anire komanso makalasi awo. Litabwera, makomenti anali ochepa kwambiri, ndipo zimenezi ndi zomwe zinandiopsa. Pafupifupi pa tsamba lililonse analemba funso limodzimodzi, loti nanga inuyo mukuti bwanji. Nditapita kukaonana nawo anandilandira bwino, sanandikalipire, anangotsegula draft ija n'kunena kuti, "Njerwa mwaumba zambiri ndipo ndi zabwino, koma khoma sindikuliona. Mwandiuza kuti wakuti anati chakuti, wina anati chakuti. Nanga awiriwa akamasiyana, akusiyana chifukwa chani? Inu mukukhulupirira uti?" Ine ndinati, "Koma Adokotala, ine ndine ndani kuti ndiziweruza anthu oti ndi mapulofesa?" Anandiyang'ana n'kunena kuti ntchito ya chaputalachi ndi imeneyo kumene, ndipo ngati sindingathe kunena pomwe kafukufuku wa ena akulephera ndiye kuti sindingathenso kunena chifukwa chomwe wanga akufunikira.

Ndinatuluka mu ofesi muja mutu utazungulira. Sindibisa, panapita milungu ndisanatsegulenso fayilo ija. Ndimati ndikayatsa laputopu mtima umayamba kuthamanga, ndimapezeka ndikukonza table of contents kapena kusintha font, chilichonse bola chisakhale chaputala 2. Anzanga a m'kalasi akamafunsa kuti zikuyenda bwanji ndimangoti pang'onopang'ono. Nthawi yomwe ndinataya apa ndi yomwe inachititsa kuti ndiphonye tsiku lotumiza mapepala ku komiti ya ethics, ndipo komitiyo simakumana tsiku lililonse, ukaphonya umadikira ulendo wina. Mapeto ake ndinalembetsanso semesita ina, kulipiranso fizi, ndipo kuntchito tchuthi chomwe anandipatsa chinatha thesis isanafike ndi pakati pomwe. Ngati muli pa malo amenewa panopa, pomwe mukuopa kutsegula fayilo yanu, chonde uzani munthu msanga. Ine ndinakhala nazo ndekha nthawi yaitali pomwe thandizo linali pafupi.

Amene anandidzutsa ndi mchemwali wina yemwe ankapanga PhD, tinkakumana mu laibulale. Nditamufotokozera anangoti, "Tsegula Excel." Anandipangitsa tebulo loti mzere uliwonse ndi pepala limodzi, ndipo m'mwamba tinalemba: wolemba ndi chaka, dziko lomwe kafukufuku anachitikira, anafunsa anthu angati ndiponso ndani, anagwiritsa njira yanji, theory yake, zomwe anapeza, zofooka zake, ndi malo omaliza oti ndilembemo maganizo anga ine. Anandiuza kuti ndisalembe chiganizo ngakhale chimodzi cha chaputala mpaka tebulo litadzaza. Zinkaoneka ngati kubwerera m'mbuyo chifukwa zinatanthauza kuwerenganso mapepala onse, ulendo uno mpaka gawo la methods lomwe kale ndinkangolidumpha.

Apa ndi pomwe zinthu zinatembenuka. Tebulo litayamba kudzaza ndinasiya kuliwerenga chopingasa, pepala ndi pepala, n'kuyamba kuliwerenga chotsika. Ndinaona kuti mapepala omwe ankati aphunzitsi ambiri akuchoka ndi omwe ankati ndi ochepa sankayeza chinthu chimodzi. Ena ankawerenga mphunzitsi aliyense wochoka pa sukulu yake, ngakhale amene wangosamukira sukulu ina, pomwe ena ankawerenga okhawo amene ausiyiratu uphunzitsi. Nditatsatira ma reference awo ndinapeza kuti ambiri akuloza kwa Richard Ingersoll, yemwe mu pepala lake la 2001 mu American Educational Research Journal anasiyanitsa magulu awiriwa momveka bwino, osamuka ndi osiyiratu, ndipo anaonetsa kuti kwa sukulu yomwe yatsala yopanda mphunzitsi zonsezi ndi vuto limodzi. Pepala limeneli linali mu foda yanga kuyambira kalekale, ndinalipatsa ndime imodzi ngati ena onse osazindikira kuti theka la enawo aima pa ilo. Chachiwiri chomwe tebulo linandionetsa ndi choti kafukufuku wambiri anafunsa aphunzitsi omwe adakali pa ntchito ngati akuganiza zochoka, osati omwe anachokadi. Kunena kuti ndikufuna kuchoka ndi kuchoka kwenikweni ndi zinthu ziwiri zosiyana. Tsiku limenelo ndinamva ngati chinachake chamasuka pachifuwa, chifukwa kwa nthawi yoyamba ndinali ndi chonena changachanga, chochokera mu zomwe ndawerenga.

Ndiye ndinabwereranso kukasaka mapepala, koma mwanjira ina. Poyamba paja ndinkalemba chiganizo chonse, ulendo uno ndinalemba pambali mawu onse omwe olemba amagwiritsa ntchito pa nkhaniyi, teacher attrition, teacher turnover, teacher retention, intention to leave, n'kumawaphatikiza ndi OR komanso AND, ndipo mawu oyendera limodzi ndimawaika m'kati mwa zizindikiro zogwira mawu kuti asabalalike. Mukapeza pepala lomwe aliyense akulitchula, pitani kumbuyo poona ma reference ake, kenako pitani kutsogolo podina pa Cited by mu Google Scholar kuti muone omwe analigwiritsa ntchito pambuyo pake. Njira imeneyi inandipatsa mapepala abwino kuposa kusaka konse komwe ndinachita poyamba. Komanso Google Scholar si yokhayo. Kwa ife a zamaphunziro kuli ERIC yomwe ndi yaulere, a zaumoyo muli ndi PubMed, kuli DOAJ yomwe imasonkhanitsa ma journal owerenga mwaulere, kulinso African Journals Online komwe ndinapeza kafukufuku yemwe sankatuluka pamwamba kwina konse. Ndipo lembani penapake tsiku lomwe mwasaka, komwe mwasaka ndi mawu omwe mwagwiritsa ntchito, chifukwa mudzafunsidwa. Amene mukupanga systematic review ndiye simungathawe, PRISMA, ndondomeko yolembera review yotereyi yomwe inatuluka mu 2009 n'kukonzedwanso mu 2020, imafuna kuti muonetse mapepala angati munapeza, angati munachotsa ndi chifukwa chake.

Nkhani ya mapepala ogulitsa inandivutanso. Umapeza pepala lenileni lomwe ukulifuna koma akuti lipira kaye. Ine ndinkangowasiya, osadziwa kuti ndikutaya zinthu zofunika. Safunsa anadya phula, tsiku lomwe ndinalimba mtima kufunsa bambo wina wogwira ntchito mu laibulale, anandionetsa kuti sukulu yathu inali ndi mwayi wolowa mu Research4Life, pulogalamu yomwe imathandiza masukulu a m'mayiko osalemera kuwerenga ma journal ambiri mwaulere kapena motsika mtengo, muli Hinari ya zaumoyo, AGORA ya zaulimi ndi zina. Anandionetsanso Unpaywall, kachinthu koika pa browser komwe kamakusakira kope laulere lovomerezeka ngati lilipo. Pomwe zonse zakanika, lemberani imelo wolembayo mwaulemu, ambiri mwa omwe ndinawalembera ananditumizira ndipo mmodzi anawonjezeranso pepala lake lina lomwe sindinkalidziwa.

Pali chinthu china chomwe chinandichititsa mantha kwambiri ndipo ndikufuna muchimve bwino. Nthawi yoyamba ija ndinkakopera ziganizo kuchokera mu PDF kuika mu manotsi anga kuti ndidzazisintha pambuyo pake, koma sindinkaika chizindikiro choti awa ndi mawu a mwini wake. Patapita miyezi sindinkathanso kusiyanitsa mawu anga ndi a eni ake. Draft yachiwiri itadutsa mu Turnitin, pulogalamu yoonetsa pomwe mawu ako akufanana ndi a ena, ndime zina zinatuluka zofiira zonse. Sindinkafuna kuba ntchito ya munthu, koma komiti siona mtima, imaona zomwe zili pa pepala, ndipo plagiarism ikhoza kukuchotsetsani sukulu. Anzanga ena ankandiuza kuti ndingosintha mawu apa ndi apo kuti peresenti itsike, koma kumeneko ndi kubisa chabe vuto, mfundo ndi kayalidwe kake zimakhalabe za mwini wake. Chomwe chinandithandiza ndi kuwerenga gawo lonse, kutseka pepalalo, kulemba zomwe ndamva ngati ndikufotokozera mnzanga, kenako kutsegulanso kuti ndione ngati sindinapotoze. Ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chomwe ndakopera ndimachiika mu zizindikiro zogwira mawu pompopompo limodzi ndi nambala ya tsamba.

Pa theory napo panali phunziro. Ndinasankha two-factor theory ya Frederick Herzberg chifukwa pafupifupi thesis iliyonse yomwe ndinaona pa nkhani ngati yanga inkaigwiritsa ntchito, ndipo ndinkaifotokoza kuchokera mu zomwe ena analemba za iyo. A supavaiza anandifunsa kuti, "Mwamuwerenga mwini wakeyo kapena mwangomva kwa anthu?" Nditalipeza buku lake la 1959 ndinaona kuti anthu omwe anafunsidwa anali ma engineer ndi ma accountant pafupifupi 200 a m'dera la Pittsburgh ku America. Herzberg amaika malipiro m'gulu la zinthu zomwe zikasowa munthu amadandaula koma zikakhalapo sizimupatsa chidwi chenicheni pa ntchito. Nanga zimenezi zikugwira chimodzimodzi kwa mphunzitsi yemwe malipiro ake sakwanira mwezi? Funso limeneli linasanduka gawo lathunthu la chaputala changa, ndipo ndikanapitiriza kudalira zomva kwa ena sindikanalipeza. Theory sindinaitaye, koma ndinalemba poyera pomwe ikuthandiza ndi pomwe ikuperewera. Ngati buku loyambirira lakanikiratu kupezeka, nenani zoona mu citation kuti mwazitenga kudzera mwa wina, osanamizira kuti mwaliwerenga.

Kalembedwe ka chaputala kanasinthiratu. M'malo moyala anthu mmodzimmodzi, ndinayala mfundo: kodi kuchoka kumatanthauza chani ndipo kumayezedwa bwanji, za malipiro, za utsogoleri wa pa sukulu, za malo ogwirira ntchito, kenako zomwe zikusowa. Ndime iliyonse imayamba ndi mfundo yanga, olemba amabwera pambuyo ngati mboni, ena ovomereza ena otsutsa, ine n'kunena chifukwa chomwe ndikuona kuti akusiyanira. Pena chiganizo chimodzi chimanyamula mapepala anayi, pomwe kale aliyense anali ndi ndime yake. Chaputala chinafupika ndithu ndipo zinandiwawa kuchotsa masamba omwe ndinawavutikira usiku, moti ndinawasunga mu fayilo ina kuti mtima ukhale pansi, koma sindinabwererekonso. Muyeso womwe ndinkagwiritsa ntchito ndi mafunso anga a kafukufuku, ndinawalemba pa kapepala n'kumata pa laputopu, pepala lililonse losathandiza kuyankha limodzi mwa mafunsowo limatuluka ngakhale likhale lokoma bwanji.

Za gap, kutanthauza zomwe kafukufuku wa ena sanakhudze, samalani ndi chiganizo chija chakuti palibe amene anafufuzapo nkhaniyi. Ine ndinachilemba mu draft yoyamba ndipo a supavaiza anangondipatsa mayina a ma thesis awiri omwe anali mu laibulale momwemo. Gap yanga yeniyeni inali yaing'ono koma yolimba, yoti kafukufuku yemwe ndinapeza anafunsa kwambiri omwe akuganiza zochoka, ndiye ine ndikafunsa omwe anachoka kale. Imeneyi ndimatha kuiteteza ndi tebulo lija, mzere ndi mzere.

Ma reference ndinayamba ndikuwalemba pamanja ndipo chinali chintchito chosatha, ukachotsa ndime uyenera kukumbukira kuchotsanso dzina kumapeto. Zotero, pulogalamu yosunga ndi kuyala ma reference, ndi yaulere, imalumikizana ndi Word, ndipo ukaika DOI, nambala yapadera ya pepala, imadzaza yokha zambiri. Ndinaiyamba mochedwa nde ndinakhala masiku ndikulowetsa mapepala akale limodzilimodzi. Yambani nayo tsiku loyamba, kaya Zotero kaya Mendeley, koma muziyang'anabe zomwe yatulutsa chifukwa pena imasokoneza mayina kapena kusiya chaka. Funsaninso msanga kuti dipatimenti yanu ikufuna style iti ndiponso edition iti. Ife tinkagwiritsa APA ya nambala 7 yomwe inatuluka mu 2019, mmene olemba akakhala atatu kapena kuposa umalemba woyamba yekha ndi et al. kuyambira pa citation yoyamba, pomwe ma thesis akale omwe ndinkaonera anatsatira ya nambala 6 yomwe inali ndi lamulo lina.

Posesa komaliza ndinachotsanso mapepala angapo ochokera mu ma journal okayikitsa, aja oti amalandira chilichonse bola walipira, pepala latumizidwa sabata ino sabata yamawa lasindikizidwa kale, ndipo Chingerezi chake ndi manambala ake sizikugwirizana. Mndandanda wa Jeffrey Beall womwe anthu ankadalira pozindikira ma journal otere anautseka mu 2017, nde ine ndinkaona ngati journal ili mu DOAJ kapena Scopus, mndandanda wina wa ma journal osankhidwa, komanso kuwerenga ndekha methods kuti ndione ngati zikumveka. Mnzanga wina anagwa m'vuto lina, anapempha ChatGPT kuti imupatse ma reference ndipo inamupatsa mayina ooneka bwinobwino, ndi chaka ndi journal yomwe, koma ena mwa mapepalawo kulibe n'komwe. Chilichonse chomwe simunachitsegule ndi maso anu chisalowe mu thesis.

Funso lomwe linkandisowetsa tulo linali loti ndisiye liti kuwerenga, chifukwa mapepala satha. Mchemwali uja anandiuza kuti ndikaona kuti pepala latsopano lililonse likutchula anthu omwe ndawawerenga kale ndipo silikuwonjezera kanthu mu tebulo, ndiye kuti ndafika. Zinachitikadi choncho. Ndinangoika alert mu Google Scholar kuti izinditumizira imelo pakatuluka chatsopano, ine n'kupitiriza ndi ma chaputala ena.

Draft yomwe a supavaiza anaivomera inabwera ndi makomenti ambiri kuposa yoyamba ija, koma ulendo uno anali akutsutsana ndi mfundo zanga, kundifunsa ngati sindikumuweruza mopitirira wolemba wina, kundiuza pomwe umboni wanga wachepa. Nditabwera ku field ndinachikonzanso chaputalachi, chifukwa aphunzitsi omwe ndinacheza nawo ankatchula kwambiri nkhani ya kukwezedwa pa ntchito yomwe ine ndinangoikhudza pang'ono, nde ndinayenera kusakanso mapepala a mbali imeneyo kuti chaputala cha discussion chikhale ndi poimira. Pa defence mmodzi mwa oyesa anandifunsa chifukwa chomwe ndinasiyira kafukufuku wa aphunzitsi a sekondale, ndinayankha kuti njira zawo zochokera pa ntchito ndi zina chifukwa ambiri ali ndi madigiri omwe amawatsegulira ntchito kwina, ndipo ndinawaonetsa pa tsamba pomwe ndinalemba malire a kusaka kwanga. Anagwedeza mutu n'kupita ku funso la sampling.